Ntchito ya Wotchinga Kumbuyo: Moyo wa Jack Chamangwana

M'makwalala a ku Nkolokosa, monganso ku Zingwangwa, ku Ndirande ndi ku Bangwe, anyamata akaŵeruka kusukulu amaika miyala iŵiri uku ndi iŵiri uko, nayamba kugaŵana malo oseŵera mpira wachikulunga. Pogaŵanapo sipalephera mkangano, pakuti aliyense amafuna kuima kutsogolo kuti azimwetsa zigoli. Malo akumbuyo amasiyira mnyamata wochedwa kufika, kapena wojintcha, kapena amene alibe mau pakati pa anzake. Maganizo otereŵa anyamata sadaŵayambe okha. Adatengera kwa akuluakulu, amene potuluka m'bwalo la Kamuzu Stadium ku Chichiri amatchula dzina la womwetsa chigoli njira yonse mpaka kukafika kunyumba, koma wotchinga kumbuyo amamkumbukira pokhapokha tsiku limene walakwitsa.

Komatu timu ndi nyumba, ndipo nyumba imene anthu amaiyamikira denga imaima chifukwa cha mizati imene mlendo saiyang'ana. Nkhani ino ikufotokoza ntchito ya munthu woima ngati mzati pamaseŵero: chimene amachita, mtengo umene thupi lake limalipira, ndi chimene chimamtsalira miyendo ikatopa. Chitsanzo chake chachikulu m'dziko muno ndi malemu Jack Chamangwana. Koma kuti ntchitoyi imveke bwino, nkoyenera kuyamba ndi maseŵero ena a kutali, kumene udindo wotchinga udafika pamapeto peni peni.

Ku United States of America kuli mpira umene eni ake amautcha football, ngakhale kuti nthaŵi zambiri amaunyamula m'manja. Mpira wake si wobulungira ayi, ngwosongoka uku ndi uku. Timu iliyonse imaloŵetsa oseŵera 11, monga momwe zilili pampira wamiyendo. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti iusunthe mayadi 10, amene ndi mamita 9 ndi pang'ono, kuloza kumalire a adani. Ikakwanitsa imapatsidwanso mipata ina inayi, ndipo ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Wina akaoloka nawo malire akumapeto kwa bwalo, timu yake imalandira mapointi 6.

Pachiyambi pa mpata uliwonse, amuna asanu a timu imene ili ndi mpira amaŵerama pamzere umodzi, phewa ndi phewa, moyang'anizana ndi amuna atatu kapena anayi a timu inayo. Woseŵera wapamzere wotere, kaya ngwa mbali iyi kaya mbali inayo, amatchedwa lineman. M'ligi yaikulu ya kumeneko, yotchedwa National Football League, ambiri mwa asanuwo amalemera kupitirira makilogalamu 130. Ntchito yawo ndi iŵiri: kutchinga kuti adani asamfike woponya mpira amene waima kumbuyo kwawo, ndi kukankha adaniwo kuti patseguke njira yoti mnzawo wothamanga adutsepo. Lamulo siliŵalola asanuŵa kulandira mpira woponyedwa kutsogolo, ndipo amavala manambala oyambira 50 kulekeza 79 kuti oimbira aziŵazindikira msanga. Kotero munthu angathe kuseŵera zaka khumi, kulandira malipiro ochuluka, koma osamwetsapo ngakhale kamodzi. Dzina lake limamveka pabwalo makamaka pamene woimbira akulengeza kuti iye waphwanya lamulo.

Mpira umenewo sudazike mizu m'Malaŵi, koma ntchito yofanana nayo ilipo, ndiyo ya wotchinga pakati kumbuyo pampira wamiyendo. Nayenso amaima pakati pa mdani ndi chinthu choyenera kutetezedwa. Nayenso amagwira ntchito pamzere ndi anzake, kotero kuti mmodzi akagona onse amaoneka ofooka. Ndipo nayenso akagwira bwino ntchito palibe chimene chimachitika choti anthu aimirire nacho m'mipando.

A Jack Chamangwana adabadwa pa 30 Epulo 1957. Adakulira m'timu ya Wanderers, imene oitsatira amaitcha Manoma, ndipo m'chaka cha 1975, ali ndi zaka 18 zokha, adavala malaya a timu ya dziko lino koyamba. Kuyambira chaka chimenecho kufikira 1985 adaseŵerera Malaŵi maseŵero 133, namwetsa zigoli 10. Manambala aŵiriŵa akaikidwa pambali pa a mnzawo wa nthaŵi yomweyo amafotokoza nkhani yonse. A Kinnah Phiri, a timu ya Bata Bullets, adamwetsa zigoli 71 m'maseŵero 117 a dziko, ndipo mpaka lero dzina lawo ndilo limayamba kutuluka pakamwa anthu akamakamba za masiku amenewo. Ulemu umenewo ngwoyenera ndithu. Koma zigoli za a Phiri zikadakhala zopanda phindu chikhala kuti kumbuyo kunali chipata chotsegula.

Maseŵero 133 m'zaka khumi ndiye kuti chaka ndi chaka munthu mmodzi ankaimira dziko koposa kakhumi, kuwonjezera pa maseŵero onse a timu yake ya Wanderers. Mphunzitsi sasankha woseŵera kambirimbiri chotero chifukwa chomkonda. Aphunzitsi a timu ya dziko adasinthana m'zaka zimenezo, koma malo a a Chamangwana sadagwedezeke, ndipo adafika pokhala mtsogoleri wa anzawo m'bwalo. Ochemerera adaŵapatsa dzina loti Africa, limene lidaŵakanirira moyo wawo wonse.

Zaka zimenezo ndizo anthu achikulire amazikumbukira ndi chimwemwe. M'chaka cha 1978 mpikisano wa maiko a kum'maŵa ndi pakati pa Africa udachitikira m'dziko muno, ndipo Malaŵi, pansi pa mphunzitsi Ted Powell wa ku England, adagonjetsa Zambia 3 kwa 2 m'ndime yomaliza natenga chikho koyamba. Chaka chotsatira, 1979, timuyo idapita ku Kenya nikagonjetsa eni bwalo, 3 kwa 2 kachiŵiri, ndipo chikho chidabwereranso kuno. Amene analibe mwayi woona ndi maso adamvera pawailesi, m'midzi ndi m'matauni, atazungulira kawailesi kamodzi anthu khumi kapena kupitirira. Maseŵero othera 3 kwa 2 amasungidwa ndi anthu akumbuyo m'mphindi zomaliza, pamene mdani wataya zonse nabwera ndi timu yathunthu kudzafuna chigoli chofananitsa.

M'chaka cha 1984 Malaŵi adafika koyamba kumpikisano wa Africa Cup of Nations, umene udachitikira ku Ivory Coast ndipo unali wa maiko 8 okha. Mumzinda wa Bouaké timu ya dziko lino idagonja 3 kwa 0 kwa Algeria, dziko limene zaka ziŵiri m'mbuyomo lidadabwitsa anthu pogonjetsa West Germany ku World Cup. Kenaka idalepherana 2 kwa 2 ndi Nigeria, amene adakafika m'ndime yomaliza ya mpikisanowo, ndipo idagonja 1 kwa 0 kwa Ghana. Timu idabwerako msanga, koma idabwerako itaona msinkhu umene mpira wa mu Africa udafikapo, ndipo oyamba kuumva msinkhuwo m'mafupa anali otchinga kumbuyo.

Kodi tsono ntchito imeneyi imafuna chiyani? Ambiri amayesa kuti imafuna mwendo wamphamvu wokankhira mpira kutali ndi mtima wosaopa kugundana. Zimenezo nzofunika, koma ndi zazing'ono. Choyamba ndi maso. Wotchinga wabwino sayang'ana mpira wokha, amayang'ana kumene mpirawo ukufuna kupita, nafikako mdani asanafike. Wotchinga amene amagwa pansi kaŵirikaŵiri polanda mpira amaombedwa m'manja ndi ana, koma aphunzitsi amadziŵa kuti nthaŵi zambiri kugwako nkubweza ngongole ya kuchedwa kuganiza.

Chachiŵiri ndi pakamwa. Woseŵera wakutsogolo amaona golo ndi adani aŵiri kapena atatu, pamene wapakati kumbuyo amaona bwalo lonse lili patsogolo pake. Iyeyo ndiye amauza anzake kuti akwere kapena abwerere, ndiye amagaŵa adani pakona kuti aliyense akhale ndi wake, ndiponso ndiye amasunga mzere. Lamulo la ofusayidi limati mdani amene ali m'chigawo cha anzake asalandire mpira ngati pa nthaŵi imene mpirawo ukumenyedwa iye ali pafupi ndi golo kuposa mpira ndiponso kuposa wachiŵiri kwa womaliza wa timu yotchinga. Otchinga akakwera onse pamodzi, mdani amakodwa mumsampha. Mmodzi akatsalira phazi limodzi, msampha umasanduka khomo. Apa mpamene pamaonekera nzeru ya makolo yoti mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu ndi kudziletsa. Womwetsa zigoli akhoza kuphonya kasanu namwetsa kachisanu ndi chimodzi, anthu namnyamula pamapewa. Wotchinga akhoza kulanda mpira kakhumi mosalakwa, koma akapsa mtima kamodzi kokha m'bokosi, woimbira amaloza penate ndipo ntchito ya mphindi 90 imathera pomwepo. Malamulo nawonso akhala akumchepetsera pobisala. Makadi achikasu ndi ofiira adayamba kuoneka ku World Cup ya 1970. M'masiku a a Chamangwana wotchinga akapanikizika ankangobwezera mpira kwa goloboyi, iye nautola ndi manja, koma kuyambira 1992 goloboyi saloledwa kugwira mpira umene mnzake wambwezera dala ndi phazi. Wotchinga wa lero ayenera kudziŵa kusunga mpira ndi kuupereka molunjika mdani ali pakhosi.

M'chaka cha 1986 a Chamangwana adapita ku South Africa kukaseŵerera Kaizer Chiefs, timu ya ku Soweto imene Kaizer Motaung adaiyambitsa mu 1970. Kumeneko mpira unali ntchito yolipidwa, ndipo ligi ya National Soccer League inali itangokhazikitsidwa mu 1985. Koma dzikolo linali pansi pa ulamuliro wa tsankho, ndipo bungwe la FIFA lidalichotsa m'gulu lake mu 1976 mpaka kudzalibwezera mu 1992. Woseŵera wopita kumeneko ankapeza malipiro ndi mabwalo odzaza anthu, koma timu yake sinkaloledwa kupikisana ndi matimu a maiko ena a mu Africa. Njira ya ku Joni inali yodziŵika kale kwa Amalaŵi, pakuti amuna zikwizikwi adaiyenda kupita kumigodi. Oseŵera mpira, monga a Chamangwana ndi a Ernest Mtawali amene adatchuka ku Bloemfontein Celtic, adangoiyenda ndi ntchito ina.

Ku Chiefs adaŵatcha Black Stone, kutanthauza mwala wakuda, dzina loyenera munthu amene mdani akagundana naye amabwerera yekha. Chofunika kwambiri nchakuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 eni timu adaŵapatsa udindo wophunzitsa timuyo. Mlendo wochokera kudziko laling'ono sapatsidwa timu yaikulu chotero chifukwa cha kulimba kwa miyendo. Adaona mwa iwo munthu woŵerenga maseŵero ndi womveredwa ndi anzake, zinthu zomwezo zimene malo akumbuyo adaŵaphunzitsa. Khomo limene adatsegula silidatsekeke, pakuti pambuyo pake wotchinga kumbuyo wina wa ku Malaŵi, a Patrick Mabedi, adakhala mtsogoleri wa Kaizer Chiefs m'bwalo ndipo timuyo idatenga ligi mu 2004 ndi mu 2005.

Ntchito ya thupi ili ndi malire ake, ndipo malirewo amafika munthu akadali mnyamata. Mphunzitsi wa sukulu kapena kalaliki wa boma amafika pachimake cha ntchito yake ali ndi zaka 45 kapena 50, pamene woseŵera mpira pamsinkhu umenewo amakhala atapuma kalekale. Ku America nkhaniyi njoŵaŵa koposa, chifukwa amuna apamzere aja amagundana mitu kambirimbiri pamaseŵero amodzi. Mike Webster adaima pakati pa mzere wa timu ya Pittsburgh Steelers natenga nayo chikho chachikulu cha Super Bowl kanayi. Atapuma adayamba kuiŵalaiŵala ndi kusokonezeka maganizo, mpaka nthaŵi zina ankagona m'galimoto, ndipo adamwalira mu 2002 ali ndi zaka 50. Dokotala wobadwira ku Nigeria, Bennet Omalu, atapima ubongo wake adapeza kuti udaonongeka chifukwa cha kugundagunda kwa zaka zambiri. Zimene adapezazo zidathandiza kuti malamulo oteteza mitu ya oseŵera akhwimitsidwe. Phunziro lake likukhudzanso mpira wa kuno, kumene otchinga kumbuyo ndiwo amamenya mpira ndi mutu kaŵirikaŵiri ndi kugundana mitu ndi adani. Woseŵera amene wagunda mutu nachita chizungulire ayenera kutuluka m'bwalo ndi kukaonana ndi achipatala, osati kumthira madzi kumaso ndi kumbwezeramo.

Kumeneko komwe kuli chitsanzo china chosiyana. Alan Page adaseŵera pamzere wotchinga wa timu ya Minnesota Vikings kuyambira 1967, namaliza ntchito yake ku Chicago Bears mu 1981, osajombapo maseŵero ngakhale amodzi. Mu 1971 adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse m'ligi, ndipo anali woyamba mwa oseŵera otchinga kulandira ulemu umenewo. Koma akuseŵera choncho ankaphunziranso zamalamulo, nalandira digiri yake ku University of Minnesota mu 1978. Kuyambira 1993 kufikira 2015 anali woŵeruza m'bwalo lalikulu la milandu la chigawo cha Minnesota. Zaka zimene adakhala pampando woŵeruzira zidaposa zimene adakhala pamzere.

A Chamangwana nawo adakonza moyo wachiŵiri, ngakhale kuti wawo udakhala m'kati mwa mpira momwemo. Adasiya kuseŵera asanafike zaka 35, ndipo zaka pafupifupi 30 zotsatira adadya za m'mutu mwawo. Adaphunzitsapo timu ya dziko lino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, adakaphunzitsa timu ya Young Africans ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, ndipo pambuyo pake adakhala mkulu woona za luso la mpira ku bungwe la Football Association of Malawi. Ali paudindo umenewo, Malaŵi adabwereranso ku Africa Cup of Nations mu 2010, patapita zaka 26, mphunzitsi wake ali a Kinnah Phiri. Anthu aŵiri amene kale ankaima wina kutsogolo wina kumbuyo adapezekanso akukoka chingwe chimodzi. Pa 11 Januwale chaka chimenecho, mumzinda wa Luanda ku Angola, Malaŵi adagonjetsa Algeria 3 kwa 0, kubweza ndendende zigoli za ku Bouaké. Chimodzi mwa zigoli zitatuzo adamwetsa ndi mutu wotchinga kumbuyo, Elvis Kafoteka, ndipo kumbuyoko sikudadutse kanthu.

Pomaliza adabwerera kwawo ku Wanderers monga mlangizi wamkulu wa za luso, ndipo adaona timuyo ikutenga ligi mu 2017, itakhala osaitenga kuyambira 2006. Adamwalira pa 6 Meyi 2018 ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ali ndi zaka 61. Mauthenga achipepeso adachokera kuno ndi ku South Africa komwe, kumene otsatira Chiefs anali asanaiŵale mwala wakuda uja.

Moyo umenewu uli ndi mau kwa magulu atatu a anthu. Kwa aphunzitsi a zamaseŵero m'sukulu za pulaimale ndi sekondale, m'maboma onse: mwana wodekha, woona patali ndi womveredwa ndi anzake asaikidwe kumbuyo monga chilango, koma auzidwe kuti wapatsidwa makiyi a nyumba. M'mera mpoyamba, ndipo dziko limene ana ake onse akufuna kumwetsa lidzasoŵa woletsa. Kwa makolo: mwana wokonda mpira asakanizidwe, koma buku lisachoke m'manja mwake, chifukwa bondo limodzi likhoza kutha ntchito ya mpira tsiku limodzi, pamene zimene zaloŵa m'mutu palibe mdani angazilande. Kwa oseŵera eni ake: nthaŵi yokonzekera kupuma ndi pamene dzina likadali kumveka, pophunzira uphunzitsi wa mpira, kuimbira, kapena ntchito ina ya manja.

Ndipo kwa omvera amene Loŵeruka kapena Lamulungu amatchera khutu kuwailesi, pali njira ina yomverera mpira. Woulutsa akatchula dzina la womwetsa zigoli wa adani kambirimbiri m'chigawo choyamba, kenaka dzinalo nkuyamba kusoŵa m'chigawo chachiŵiri, ndiye kuti pali wina amene wamtsekera njira. Chigoli chimene sichidaloŵe sichilembedwa m'buku lililonse, koma matimu amene amatenga zikho amadziŵa mwini wake.